Mukufuna Kukaphunzira Zisudzo ku Yunivesite? Yambani Mwawerenga Izi

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga imadzaza ndi funso limodzi lomwelo: "Kusekondale ndinali m'kalabu ya drama ndipo ndimazikonda. Kodi ndikaphunzire zisudzo ku yunivesite? Nanga ndikadzamaliza ndizidzadya chiyani?" Ofunsa ena ndi ana asukuluwo, ena ndi makolo kapena amalume amene akuda nkhawa ndi fizi. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano kuti wofunsa aliyense azidziwerengera yekha.

Ine ndimati pitani mukaphunzire. Sukulu imeneyi ndi yeniyeni ndipo dziko likuifuna. Koma mupite mukudziwa kuti digiri idzakupatsani luso ndi nzeru, osati anthu oonera. Oonera mumadzipezera nokha, ndipo ntchito yowasakayo iyenera kuyamba musanavale gauni.

1. Yambani mwadziyesa ngati ntchitoyi mumaikondadi

Ambiri akamati amakonda zisudzo amatanthauza kuti amamva bwino akaima kutsogolo anthu n'kumafa nalo phwete. Palibe cholakwika. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, aja tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, anaseketsa dziko lonse kwa zaka zambiri, ndipo amene anayesapo nthabwala pagulu akudziwa kuti luso lawolo silinali lapafupi. Koma kuseketsa ndi mbali imodzi chabe. Kuti sewero lifike poonetsedwa pamafunika wolemba, wotsogolera amene timamutcha dayilekita, osewera, woyang'anira siteji amene amadziwa kuti mpando uti ulowa nthawi yanji ndipo aulowetse ndani, wa magetsi ndi zokuzira mawu, wa zovala, komanso wosaka ndalama ndi kuitanira anthu.

Pezani gulu la zisudzo kwanuko, kaya la kutchalitchi kaya la achinyamata, mupemphe kuthandiza pa sewero limene inu simusewera nawo. Nyamulani mabenchi, gwirani sikiriputi muzikumbutsa oiwala mawu, khalani pa mapulakatisi onse mpaka tsiku loonetsa. Anthu akamabwereza kagawo kamodzi madzulo onse inu osatopa, mumtima n'kumati "uyu akanalowera mbali iyi", dziwani kuti ntchitoyi ndi yanu. Ngati mtima uli pa kuomberedwa m'manja basi, ganizaninso, chifukwa ku yunivesite nthawi ya m'manja ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yowerenga ndi yokhetsa thukuta.

2. Khozani MSCE

Apa sipafuna zambiri. Kuti mulowe m'yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo, ndipo popeza malo ndi ochepa, mapointi akhale otsika ndithu. Chimandimvetsa chisoni ndi mwana amene Fomu 4 yonse waithera pa kukonzekera mpikisano wa zisudzo za masukulu wa ATEM kapena wa NASFEST, mayeso n'kumugwetsa. Mpikisano wa ATEM, umene aphunzitsi a Chingerezi anauyambitsa mu 1969, wasula akatswiri ambiri, mmodzi mwa iwo ndi Du Chisiza Jr, wolemba ndi wosewera zisudzo, amene anayamba kudziwika ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre. Komabe chikho sichilowa m'malo mwa kirediti. Limbikirani mabuku a literature, a Chingerezi ndi a Chichewa omwe, pakuti kumene mukupitako mukakhalira zomwezo.

3. Lembani fomu mosamala, ndipo khalani pansi ndi akunyumba

Kuno kwathu phata la maphunziro a zisudzo ndi University of Malawi ku Zomba, imene ambiri timaitchabe Chanco. Dzina la Chancellor College linatha mu 2021 pamene makoleji a yunivesite yakale anagawidwa kukhala mayunivesite oima paokha. Kusinthako kunakhudzanso mayina a madipatimenti ndi mapulogalamu, choncho musadalire zimene anakuuzani achimwene amene anamaliza kalekale. Kusankha ophunzira a m'mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Chilengezo chawo chikatuluka werengani mndandanda wa chaka chimenecho, mupeze pulogalamu imene muli drama, muone maphunziro a MSCE amene ikufuna. Musakopere zosankha za mnzanu, magiredi anu ndi ake si amodzi. Digiri imatenga zaka 4. Ngongole ya fizi ndi ya ndalama yodyera imapemphedwa padera ku bungwe la HESLGB. Kusankhidwa sikutanthauza kuti ngongoleyo mwaipeza kale, ndipo ndi ngongoledi, mudzabweza. Inu amene munasiya sukulu kale ndipo mukugwira ntchito, dikirani chilengezo cha mature entry.

Ngati pulogalamu ikulola kuphatikiza maphunziro, lachiwiri likhale loyenderana ndi zisudzo: zinenero ndi literature, zofalitsa nkhani, nyimbo, kapena za kakhalidwe ka anthu.

Makolo akafunsa kuti mudzadya chiyani, musakwiye, ndiponso musawayankhe kuti mudzatchuka. Funso lawolo ndi lanzeru. Atchulireni ntchito zenizeni: uphunzitsi, ntchito za m'mabungwe ophunzitsa anthu zaumoyo ndi zaulimi, kulemba masewero a pawailesi, mafilimu, kutsatsa malonda. Chabwino koposa, pezani munthu amene anaphunzira zomwezi ndipo akudzidalira, alankhule nawo yekha. Mawu a wamkulu mnzawo amalowa kusiyana ndi anu.

4. Dziwani zimene mukakumane nazo m'kalasi

Chimene chimadzidzimutsa ambiri chaka choyamba ndi kuchuluka kwa zowerenga. Mudzawerenga masewero a Agiriki akale, a Shakespeare, a Wole Soyinka wa ku Nigeria, a Athol Fugard wa ku South Africa, ndi a kwathu konkuno monga a Steve Chimombo, kenako n'kumalemba zimene mwaonamo. Mudzamva za Stanislavski wa ku Russia, amene ankafuna kuti wosewera alowe mumtima mwa munthu amene akumusewerayo, ndi za Brecht wa ku Germany, amene ankafuna kuti oonera asangotengeka mtima koma aziganiza. Mudzaphunziranso kuyang'ana Gule Wamkulu, Vimbuza ndi nthano ndi diso la munthu wa zisudzo: bwalo lakonzedwa bwanji, ng'oma ikulamula chiyani, oonera akulowa liti m'nyimbo. Magule awiriwa UNESCO inawalemekeza mu 2005, koma eni ake alipo. Za kudambwe sizitengedwa mwachisawawa kupita nazo pa siteji chifukwa choti mwaziwerenga m'buku.

Mbali inayo ndi ya thupi: kupuma, kutulutsa mawu ofika kumapeto kwa holo popanda kukuwa, kuyenda, kugwa osavulala. Ntchito zambiri ndi za pagulu, mapulakatisi ambiri ndi a madzulo anzanu a maphunziro ena atapita kokacheza. Little Theatre, holo ya zisudzo ya pa Chanco, idzasanduka kwanu.

Pali phunziro limodzi limene ndikufuna mulitchere khutu kuposa onse, la Theatre for Development, mwachidule TfD. Ndi zisudzo zochitira limodzi ndi anthu a m'dera pa mavuto awo omwe. Gulu la Travelling Theatre la pa Chanco, limene linayamba kuyenda ndi masewero m'zaka za m'ma 1970, linatembenukira kumidzi m'ma 1980 motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr, ku Mbalachanda m'boma la Mzimba ndiponso m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani zaumoyo. Kachitidwe kake n'kotere: mumayamba mwaonekera kwa amfumu, mumakhala m'mudzimo, mumamvetsera zokamba za pamjigo ndi pamsika, kenako mumaluka sewero kuchokera pa zimene mwamvazo, nyimbo zake zikhale za komweko. Sewerolo silibwera ndi yankho. Limafika povuta n'kuima, funso n'kuponyedwa kwa anthu. Mtundu wina, wotchedwa forum theatre, umene anaukhazikitsa Augusto Boal wa ku Brazil, umalola woonera kulowa m'bwalo kutenga malo a wosewera. Tsiku limene mudzaone mayi wachikulire akunyamuka pagulu, kumangitsa chitenje m'chiuno, kukankhira pambali mtsikana wa ku yunivesite n'kuyamba kutsutsana yekha ndi "bambo" wokaniza mwana kupita kuchipatala, amuna a m'mudzimo ali chete kumvetsera, mudzadziwa chimene mwapitira kusukuluko.

5. Dziwani pamene zisudzo zaima lero

Musanamizidwe ndi nkhani za kale. Inalipodi nthawi imene anthu ankathithikana pa French Cultural Centre ku Blantyre kuonera Kwathu Drama Group m'Chichewa, kapena Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene Du Chisiza Jr analiyambitsa mu 1987 n'kuonetsa kuti munthu angathe kudya za zisudzo zokhazokha. Nthawiyo zolembedwa zonse zinkadzera ku Censorship Board, pakamwa panali pomanga, ndipo anthu ankapita ku sewero kukamva mophiphiritsa zimene sakanatha kunena poyera. Du anamwalira mu 1999, chaka chomwe wailesi yakanema ya boma inatsegulidwa. Gertrude Kamkwatira, amene ankasewera naye m'gulu la Wakhumbata, anapitiriza ntchitoyo mpaka imfa yake mu 2006. Mu 2011 malo a French aja anatsekedwa, katundu wake n'kubedwa, ndipo ngakhale anasanduka Blantyre Cultural Centre, anakhala zaka zambiri ali owonongeka. Kenako kunabwera mafoni, ndipo mu 2020 Covid-19 inaletsa misonkhano.

Magulu alipobe. Kwathu ilipo, Nanzikambe imene inayamba mu 2003 ilipo, Solomonic Peacocks ilipo, ndipo achinyamata akuyambitsa ena. Koma ndalama zambiri lero sizichokera pakhomo la holo. Zili m'mabungwe ofuna kufalitsa uthenga, m'masewero a pawailesi monga amene Story Workshop ndi MBC akhala akukonza, m'mafilimu, ndi m'timasewero tifupitifupi ta pa Facebook, TikTok ndi YouTube.

Ntchito za mabungwezi zigwireni, zimadyetsa ndipo zina zimapulumutsadi miyoyo. Koma muli msampha. Wolemba akazolowera kupatsidwa uthenga, masewero ake onse amafanana: bambo wamakani, mayi wovutika, kumapeto namwino n'kutulukira kudzalangiza. Oonera amadziwa mathero ake sewero lisanafike pakati. Osewera amazolowera alawansi, anthu amazolowera zaulere, ndipo pulojekiti ikatha gulu limatha nayo. Amene amakhalitsa m'ntchitoyi ndi amene ali ndi anthu awoawo, owatsata chifukwa cha sewero lenilenilo.

6. Musanamalize sukulu, onetsani sewero lanu kunja kwa kampasi kwa anthu olipira

Apa ndiye povuta, ndipo ambiri olangiza amapalumpha. Pa kampasi holo ilipo kale, magetsi alipo, oonera ndi anzanu amene adzaomba m'manja ngakhale zitavuta. Kunja kulibe zimenezo. Chitani zimenezi pa holide ya chaka chachiwiri kapena chachitatu, pamene kuluza sikungakugwetseni.

Sewero likhale laling'ono: osewera 3 mpaka 5, losapitirira ola, katundu wake wokwana m'minibasi limodzi ndi eni ake. Munthu aliyense wowonjezera ndi thiransipoti ndi chakudya. Sewero la anthu 20 limakoma pa mpikisano wa sukulu, koma pa msewu limakudyani.

Malo mukawaone ndi maso, musamve za pafoni. Kaya ndi holo ya sekondale, ya tchalitchi kapena ya khonsolo, pitani pa ola lomwe mukufuna kudzaonetsa. Mnzanu aime kutsogolo azilankhula monga mwa masiku onse, inu mukhale pa benchi yomaliza mumve ngati mawu akufika. Yang'anani kudenga. Ngati ndi malata opanda siling'i, nyengo ya mvula sewero lanu lidzamira m'phokoso. Funsani kuti magetsi akazima zimatha bwanji. Masana ndi abwino kwa oyamba kumene, chifukwa dzuwa sililipiritsa ndipo anthu amabwerera kwawo kukuwala. Mukagwirizana, lipirani kachikole mulandire lisiti lolembapo tsiku ndi maola, chifukwa holo yomweyo akhoza kuipereka kwa a ukwati. Tsikulo lisawombane ndi mpira wa Bullets ndi Wanderers, nthawi ya mapemphero kapena mayeso, ndipo likhale chakumapeto kwa mwezi anthu atalandira.

Za chilolezo musazengereze. Lamulo la 1968 loyang'anira zisangalalo likugwirabe ntchito, ndipo zoonetsa pagulu zimafuna chilolezo cha Censorship Board. Pitani ndi sikiriputi nthawi ikadalipo, osati sabata yoonetsa. Ngati sewerolo analemba ndi wina, m'pempheni ndipo mugwirizane za malipiro ake. Ngati muikamo nyimbo za oimba ena, funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba. Kumudzi yambirani kwa amfumu, kusukulu kwa ahedi.

Tsopano masamu. Lembani pa pepala chilichonse chimene chidzadye ndalama: holo, chilolezo, thiransipoti ya mapulakatisi ndi ya tsikulo, chakudya, zovala, kusindikiza matikiti ndi maposita, zokuzira mawu, mayunitsi ndi bandulo. Phatikizani zonse, mugawe ndi mtengo wa tikiti imodzi. Nambala imene yatulukayo ndi ya anthu amene ayenera kulipira kuti mungobweza zimene mwalowetsa, phindu lisanayambe. Iyerekezeni ndi mipando ya m'holo. Ngati mukufunika anthu 200 pamene holo imalowa 150, mwaluza kale ngakhale itadzaza. Ine ndimalangiza kuwerengera kuti holo idzadzaza theka. Masamu akakana, musakweze tikiti mpaka anthu a m'deralo kulephera. Chepetsani zowononga, onetsani kawiri tsiku limodzi, kapena pemphani wa golosale wa pamalopo alipire maposita dzina la shopu yake lilembedwepo.

Matikiti gulitsani tsikulo lisanafike. Onse olemba pa WhatsApp kuti "tidzabwera" musawawerengere, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Msika wodalirika kwa oyamba ndi masukulu. Mabuku a literature amene ali pa silabasi ya MSCE ana ambiri amawawerenga osawamvetsa, ndipo akawaona pa siteji amatseguka mitu. Kambiranani ndi ahedi ndi mphunzitsi wa phunzirolo, mugwirizane mtengo wa mwana mmodzi, sukulu itolere yokha. Sewero likatha khalani ndi anawo muyankhe mafunso awo. Mukachita bwino, chaka chamawa adzakuitanani okha.

Pakhomo pakhale anthu awiri amene sakusewera nawo, wina wolandira ndalama, wina wong'amba matikiti, ndipo matikitiwo akhale ndi manambala. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba atumize ku nambala imodzi yodziwika ndi gulu lonse. Gwirizanani kale kuti wosewera aliyense alowetsa abale angati ulere. Mukapanda kutero holo idzadzaza ndi azilamu ndi asuweni, m'thumba muli mbee.

Nkhani imene yapha magulu ambiri kuposa kusowa luso ndi kagawidwe ka ndalama. Ikambeni tsiku loyamba la mapulakatisi, pamene aliyense akusekerera, osati usiku wa sewero anthu atatopa ndipo envulopu ili m'manja mwa munthu mmodzi. Lembani pa pepala, aliyense asayine: poyamba kubweza ngongole ndi ndalama za amene anasonkha, kenako gawo losungira sewero lotsatira, zotsala n'kugawana motere. Wolemba ndi dayilekita alandira zingati, woyang'anira siteji zingati, ndipo mukaluza aliyense asenza zingati. Ena amaona ngati kulemberana ndi kusakhulupirirana. Ayi, pepalalo ndi limene limasunga chibale. Sewero likangotha werengani ndalama pamaso pa onse, muyerekeze ndi zotsalira za matikiti, musanatuluke m'holo.

Yambani pa nthawi imene munalemba, ngakhale mutakhala anthu ochepa. Amene anafika msanga mukawadikiritsa maola awiri sadzabweranso. Ndipo mmodzi wa inu akhale kumbuyo ndi kope, maso ake akhale pa oonera osati pa siteji. Alembe pamene anthu anaseka, pamene anati zii, pamene anayamba kutulutsa mafoni kapena kupita panja. Kope limenelo lidzakuphunzitsani zimene magiredi sanena.

7. Libwerezeni, sungani umboni, ndipo chenjerani ndi okuitanani

Sewero loonetsedwa kamodzi silibweza thukuta lake. Konzani malo aja anthu anatulutsa mafoni, mupite nalo ku sukulu ina, ku boma lina. Ulendo wachiwiri zovala ndi katundu muli nazo kale, ndiye mpamene phindu limayamba kuoneka.

Jambulani vidiyo yomveka bwino mawu, sungani zithunzi, positala, bajeti ndi kalata yochokera kwa ahedi kapena mwini malo. Pofunsira ntchito ku bungwe, kuwailesi kapena kwa opanga filimu, zimenezi zimalankhula kuposa satifiketi yokha, chifukwa zikuonetsa kuti mukhoza kuyamba chinthu n'kuchifikitsa. Dulani timagawo tabwino muike pa intaneti kuti tiziitanira anthu ku sewero lathunthu. Dziwanani ndi a National Theatre Association of Malawi ndi magulu a m'chigawo chanu, ntchito zambiri zimamveka kudzera mwa anthu.

Dzina lanu likayamba kumveka adzabwera okuitanani ku ma audition, kumene amayesa anthu ofuna kuwapatsa mbali m'sewero kapena m'filimu. Enieni amachitikira pamalo odziwika, masana, pali anthu angapo oyesa. Wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akupatseni mbali, kapena kuti mukumane kuchipinda cha ku loji, mukaneni, ndipo atsikana musapite nokha kwa munthu amene simukumudziwa. Mukapatsidwa mbali funsani zinthu zitatu musanaime pa kamera: mulandira zingati, mulandira liti, ndipo filimuyo kapena kutsatsako kudzaonetsedwa kuti komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mayankho ake alembedwe, asayinidwe, kope limodzi mutenge inu.